Nthaka Yolimba Pansi pa Mizere ndi Kadyedwe ka Ana Kumadzulo kwa Nyanja ya Chilwa

M'midzi ya kwa Mwambo ndi kwa Kuntumanji m'boma la Zomba, mabanja ambiri amadya zimene alima okha. Michere imene mwana amafunika kuti akule bwino imachokera m'nthaka, imalowa mu mbewu kudzera m'mizu, kenako imafika m'mbale. Njira imeneyi imatsekeka ngati pansi pa mizere pali nthaka yogogomezeka, yoti madzi ndi mizu sizingadutse. Nkhaniyi ikufotokoza mmene nthaka yotere imapangikira, mmene imalepheretsera michere kufika ku mbewu, komanso zimene alangizi a zaumoyo ndi anthu odzipereka angachite akamayendera mabanja.

Chifukwa chake nkhaniyi ikukhudza a zaumoyo

Kafukufuku wa boma wa chiwerengero cha anthu ndi zaumoyo wa 2015-16 anapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka 5 m'Malawi ndi opinimbira. Kafukufuku wa michere ya m'thupi amene anachitika nthawi yomweyo anasonyeza kuti ana pafupifupi 6 mwa 10 alionse anali ndi zinki wochepa m'magazi. Zinki amathandiza mwana kukula ndi kulimbana ndi matenda, n'chifukwa chake mwana wotsegula m'mimba amapatsidwa zinki pamodzi ndi Thanzi.

M'mbali mwa Chilwa, nsomba zimatseka mpata waukulu. Matemba, amene amadyedwa ndi mitu ndi minga yomwe, ali ndi zomanga thupi, zinki ndi kashiamu. Koma nyanjayi ndi yosaya ndipo imadalira mvula. Inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yake yaikulu inauma. Chaka chimene matemba, makumba ndi milamba zasowa pa doko la Kachulu, banja limatsala ndi munda basi. Choncho mmene munda ulili pansi pake si nkhani ya a zaulimi okha.

Mmene nthaka yabwino ilili

Nthaka yabwino si dothi lokhalokha. Pafupifupi theka lake ndi mipata imene mumakhala madzi ndi mpweya. Mipata ikuluikulu, imene imasiyidwa ndi nyongolotsi, chiswe ndi mizu yakale yoola, ndiyo imalowetsa madzi a mvula ndi mpweya, komanso ndi mmene mizu yatsopano imadutsa. Timipata ting'onoting'ono timasunga chinyezi choti mbewu igwiritse ntchito mvula ikadula.

Nthaka ikagogomezeka, mipata ikuluikulu ndiyo imayamba kutsekeka. Dothi limakhala lomwelo, michere imene inalimo imakhalamobe, koma njira zoti madzi, mpweya ndi mizu ziyendemo zimakhala zatha.

Mmene gawo lolimba limapangikira

Ulimi wa pa mizere unakhazikika kwambiri m'zaka za m'ma 1940 ndi 1950, pamene boma la atsamunda linkaukakamiza kudzera m'malamulo a malimidwe pofuna kuteteza nthaka kuti isakokoloke. Mizere yopingasa imathandizadi kugwira madzi, koma kaungidwe kake ka chaka ndi chaka kali ndi vuto lobisika. Mlimi amagumula mzere wa chaka chatha n'kuunga watsopano pamene panali khwawa. Khwawa limenelo ndi limene anthu akhala akupondamo dzinja lonse, pobzala, pothira feteleza, popalira, pobandira ndi pokolola, nthawi zambiri dothi lili lonyowa. Mzere watsopano umakhala pamwamba pa njira yakale.

Khasu nalo limafika pa mlingo umodzimodzi chaka chilichonse. Pamene limalekezera, limapala ndi kusalaza dothi ngati mmene munthu amazirira pansi m'nyumba. Tidothi tosalala totsika ndi madzi a mvula timakatseka mipata yotsala. Zaka zikamapita, pansi pa dothi lofewa pamapangika gawo lolimba ngati njerwa yosaotcha. Mu 1997 akatswiri a ku Bunda, Materechera ndi Mloza-Banda, anasindikiza zotsatira za kafukufuku wa chimanga cha pa mizere zosonyeza kuti gawo lolimba chonchi linali litapangika pa masentimita pafupifupi 25 kuchokera pamwamba.

Pali zinanso zimene zimagogomeza nthaka m'chigwa cha Chilwa: ng'ombe zodyetsedwa m'minda ndi m'madambo, ngolo, tinjira todutsa pakati pa minda, ndi mvula yamphamvu yogwa pa dothi lopanda chophimba. Madontho a mvula amaphwanya zibuma ndi kusiya kachikhungu kolimba pamwamba, kamene kamakaniza madzi kulowa.

Chifukwa chake vutoli silichoka lokha kuno

M'maiko ozizira kwambiri, madzi a m'nthaka amaundana m'nyengo yachisanu n'kung'amba dothi lolimba. Kuno zimenezo kulibe. Katondo ndi dothi la mchenga la kumtunda sizitupa kwenikweni zikanyowa ndipo sizing'aluka zikauma, choncho gawo lolimba likapangika limakhala zaka zambiri. Kutentha nako kumaoletsa msanga zinyalala ndi manyowa, zimene zimamata dothi kuti likhale m'timibulu tofewa. Mapesi akaotchedwa posaka mbewa kapena posa, munda umataya chakudya cha nyongolotsi ndi tizilombo tina tofewetsa nthaka.

Kufupi ndi nyanja kuli makande. Dothi lakuda limeneli limang'aluka lokha m'chilimwe, koma likanyowa limatupa n'kutseka ming'alu yonse, ndipo likalimidwa kapena kupondedwa lili chinyowere limamatirira. Popeza nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi, mchere umaunjikana m'madzi ake ndi m'dothi la malo ena otsika. Mchere wa mtundu wa sodiyamu umabalalitsa tidothi tosalala, zimene zimachititsa kuti nthaka itsekeke msanga.

Njira zimene michere imafikira ku muzu

Michere siyenda mofanana m'nthaka, ndipo kusiyana kumeneku ndi kumene kumafotokoza zizindikiro zimene zimaoneka m'munda.

Ina imayenda ndi madzi. Mbewu ikamatulutsa madzi m'masamba, mizu imakoka madzi ena m'nthaka, ndipo michere yosungunuka imabwera nawo. Nayitrojeni wochokera ku feteleza wobereketsa wa Urea amayenda chonchi akasandulika m'nthaka, chimodzimodzinso salifa. Kumene madzi apita, michere imeneyi imapitanso komweko.

Ina siyenda mtunda. Fosifolasi ndi zinki zimamatirira ku dothi ndipo zimasuntha mamilimita ochepa chabe kulowera ku muzu. Potaziyamu amasunthako pang'ono kuposa pamenepo. Mu katondo, zitsulo zimene zimafiiritsa dothi zimagwira fosifolasi mwamphamvu. Michere yotereyi sibwera ku muzu, muzu ndi umene uyenera kuitsata. Mbewu imene ili ndi timizu tambiri tofalikira imapeza yambiri. Palinso bowa wosaoneka ndi maso amene amakhala pa mizu ya chimanga ndi mbewu zina, ndipo ulusi wake umakatapa fosifolasi ndi zinki kumene timizu sitifika. Bowayu amafuna mpweya, ndipo ulusi wake umaduka nthaka ikamagalauzidwa pafupipafupi.

Zimene gawo lolimba limachita

Choyamba, mizu imalekezera pamwamba. Mizu ya chimanga ikhoza kutsika kupitirira mita imodzi m'nthaka yofewa, koma ikagunda gawo lolimba imapindika n'kumayenda cham'mbali. Mbewu imakhala ngati yabzalidwa mu ndowa. Fosifolasi, zinki ndi chinyezi zimene zili pansi sizifikirika, ndipo nayitrojeni amene watsika kudzera m'ming'alu yochepa satsatidwanso ndi muzu.

Chachiwiri, madzi amadikha. Mvula yamphamvu ikagwa mu Januwale, madzi amadzaza dothi la pamwamba n'kuthamangitsa mpweya. Mizu imapuma ngati mmene thupi limapumira, ndipo popanda mpweya imalephera kukoka michere ngakhale ili pafupi. Nthawi yomweyo tizilombo tina ta m'nthaka, tikasowa mpweya, timasandutsa nayitrojeni kukhala mpweya wouluka. Feteleza amene banja lagula movutikira amatha chonchi popanda wina kuona, ndipo chimanga chimachita chikasu ngati sichinathiridwe.

Chachitatu, madzi olephera kulowa pansi amathamanga pamwamba. Amagumula mizere, amatenga dothi lachonde ndi feteleza n'kukazitaya m'mitsinje monga Likangala, Domasi ndi Thondwe, imene imathira mu nyanja. Dothi limeneli ndi limodzi mwa zinthu zimene zikukwirira nyanja ndi madambo oswerana nsomba.

Chachinayi, ng'amba imapweteka msanga. Munda womwewo umene unali ndi madzi odikha umayamba kufota patangopita masiku ochepa mvula itadula, chifukwa madzi sanasungidwe pansi ndipo mizu ili pamwamba pamene pamauma msanga. Dothi likauma, fosifolasi ndi zinki zimasiyiratu kusuntha, popeza zimayenda m'kachinyezi kokuta tidothi.

Feteleza wokulitsa wa NPK amene akupezeka masiku ano, wa 23:10:5+6S+1Zn, ali ndi zinki pang'ono. Koma zinkiyo amapindula pokhapokha mizu ili yathanzi ndi yofalikira. Kuonjezera thumba lina la feteleza m'munda wotsekeka pansi sikuthetsa vutoli.

Mbewu zimene a zaumoyo amalimbikitsa

Uthenga wa magulu 6 a zakudya umadalira mbewu zimene zimavutika kwambiri m'nthaka yolimba. Nyemba, soya, khobwe ndi mtedza zili ndi timaanerere pa mizu timene timatenga nayitrojeni mu mpweya, ndipo nthaka ikasowa mpweya timapangika tochepa. Mtedza umabereka polowetsa timizinga take pansi, ndipo pamwamba pakalimba timalephera kulowa. Mbatata yofiira mkati, imene imapatsa vitamini A, imabereka yaing'ono ndi yopindika. Chinangwa chimachitanso chimodzimodzi.

Palinso nkhani ya chuku. Mtedza ndi chimanga zimene zavutika ndi ng'amba pamene zikukhwima zimagwidwa mosavuta ndi chuku chotulutsa poizoni wa aflatoxin zisanakololedwe n'komwe. Poizoniyu amaononga chiwindi. Mbewu ya mizu yosaya ndi imene imayamba kumva ng'amba, choncho uphungu wa kuyanika ndi kusunga bwino zokolola umayenera kuyendera limodzi ndi wa kusamala nthaka.

Madzi othamanga ndi odikha amakhudzanso ukhondo. Amadzaza ndi kugwetsa zimbudzi, n'kulowa m'zitsime zosatetezedwa, m'dera limene kolera amabuka kawirikawiri. Zithaphwi zowombedwa ndi dzuwa zimene zimakhala kupitirira sabata ndi malo amene udzudzu wofalitsa malungo umakonda kuswerana.

Zimene kufewetsa nthaka sikungachite

Kuphwanya gawo lolimba kumatsegula njira, koma sikuika m'nthaka mchere umene mulibe. Chitsanzo ndi seleniyamu, amene amathandiza chithokomiro ndi chitetezo cha m'thupi. Kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2013 anayerekeza amayi a ku Zombwe m'boma la Mzimba ndi a ku Mikalango m'boma la Chikwawa. Amayi a ku Mikalango, kumene kuli makande opanda asidi wambiri, anali ndi seleniyamu wochuluka m'magazi kuposa anzawo a ku Zombwe, kumene dothi lili ndi asidi. Mu 2021 akatswiri a ku LUANAR ndi anzawo a ku University of Nottingham ndi Rothamsted Research anatulutsa mapu osonyeza kuti kuchuluka kwa zinki, seleniyamu, ayironi ndi kashiamu m'chimanga kumasiyana malinga ndi dera limene chalimidwa. Mtundu wa dothi, asidi wake ndi manyowa ake zonse zili ndi gawo.

Kakonzedwe ka chakudya nako n'kofunika. Zinki ndi ayironi wambiri wa m'chimanga ali mu gaga ndi m'mtima wa njere, zimene zimachoka pokonola. Ufa wa mgaiwa umasunga michere yambiri kuposa ufa woyera. Ndipo mwana amene wanyentchera kale amafunika chithandizo cha kuchipatala lero lomwe, monga chiponde, osati kudikira kuti munda ukonzeke.

M'minda ya mpunga nkhani ndi yosiyana. Pa sikimu ya Likangala ndi m'madambo ena, alimi amapondaponda matope dala kuti madzi asalowe pansi, ndipo mpunga umapirira chifukwa uli ndi timipata totsitsira mpweya kuchokera ku masamba kupita ku mizu. Gawo lolimba la m'munda wa mpunga siliyenera kuphwanyidwa. Vuto limabwera pamene malo omwewo abzalidwa chimanga, nyemba kapena masamba m'chilimwe. Mbewu zimenezi zimafuna mabedi okwera, ofewa ndi othira manyowa. Nthaka yomira m'madzi nthawi yaitali imachepetsanso zinki amene mbewu ingatenge.

Mmene munda wotsekeka umadziwikira

Sipafunika makina. Patapita tsiku limodzi kapena awiri mvula yokwanira itagwa, munthu atenge chitsulo chowongoka, monga chomangira nyumba, n'kuchilowetsa pang'onopang'ono pa mzere ndi manja. Ngati chalowa mosavuta kenako n'kuima mwadzidzidzi chisanafike masentimita 30, aone ngati chikuimanso pa mlingo womwewo m'malo angapo a mundawo. Kenako ayesenso pamalo posalimidwa ndi posapondedwa, monga m'munsi mwa mpanda wa mitengo, kuti ayerekeze. Kuyesa m'chilimwe kumanamiza, chifukwa dothi louma limalimba paliponse.

Njira ina ndi kukumba kadzenje kofika m'bondo pafupi ndi phesi n'kuona mizu. Mizu yothera pa mzere umodzi ngati yadulidwa, kapena muzu waukulu wa therere kapena bonongwe wopindikira cham'mbali, ndi umboni wooneka ndi maso. Zizindikiro zina ndi izi: madzi okhalitsa m'makwawa mvula itasiya, chimanga chachikasu chothiridwa kale feteleza, masamba ofiirira pa chimanga chaching'ono, mizere yoyera pa masamba anthete, kufota msanga, ndi mapesi ogwa ndi kamphepo kochepa.

Njira zokonzera

Gawo lolimba limaphwanyidwa kamodzi, kenako limatetezedwa kuti lisabwerere. Bungwe la Tiyeni la ku Mzuzu limaphunzitsa alimi kukumba ndi piki mpaka masentimita 30, kupanga mabedi aakulu otsata akalozera, ndi kusapondanso pa mabediwo. Ena amakumba mayenje obzalamo opyola gawo lolimba n'kuthiramo manyowa. Nthawi yabwino ndi atangokolola, mu Meyi ndi Juni, dothi litasiya kumata koma lisanaume gwa. Kukumba makande ali chinyowere kumangoonjezera vuto.

Ntchitoyi ndi yolemetsa, ndipo pamenepa mawu a wa zaumoyo ndi ofunika. Mayi woyembekezera, wongobereka kumene, munthu wodwala kapena wokalamba sayenera kugwira piki. Banja likhoza kuyamba ndi kagawo kakang'ono chaka chilichonse, kapena ndi dimba la pakhomo la masamba, ndipo magulu a m'mudzi akhoza kuthandizana mosinthana.

Mbewu zina zimagwira ntchito ya piki mwakachetechete. Nandolo, amene alimi a ku Zomba amamudziwa kale, ali ndi muzu wamphamvu wotsika pansi kwambiri, ndipo ukaola umasiya njira zoti mizu ya chimanga idzadutsemo. Mizu yake imatulutsanso timadzi tomasula fosifolasi wogwidwa ndi zitsulo za m'dothi, masamba ake oyoyoka ndi manyowa, ndipo nandoloyo ndi ndiwo zomanga thupi. Pa malo a kafukufuku a Makoka, kufupi ndi Thondwe, kulima chimanga pamodzi ndi mitengo ya gliricidia kwayesedwa kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo kwasonyeza kuti masamba ake akakwiriridwa amabwezera chonde ndi kukweza zokolola. Msangu nawo umayoyola masamba m'dzinja, choncho suphimba mbewu.

Zotsalazo ndi zodziwika: kusaotcha mapesi koma kuphimbira nawo nthaka, kuthira manyowa owola bwino, kukhala ndi tinjira tokhazikika m'munda, ndi kusalowetsa ziweto dothi lili lonyowa. Kumtunda, ngonyeka zimathandiza kuti madzi alowe pansi, koma m'malo otsika a makande chofunika ndi mizere yokwera ndi ngalande zochotsa madzi. Manyowa a ziweto apangidwire kutali ndi chitsime, ndipo wowagwira asambe m'manja ndi sopo asanagwire chakudya cha mwana.

Gawo la mlangizi wa zaumoyo ndi odzipereka

Mlangizi wa zaumoyo salowa m'malo mwa mlangizi wa zaulimi, koma ndi iye amene amaona kaye mwana amene sakukwera sikelo, ndipo amafika pakhomo kawirikawiri. Akapeza banja limene chakudya chimatha Disembala asanafike chaka ndi chaka, ngakhale limathira feteleza, akhoza kuonjezera mafunso atatu pa mafunso a masiku onse. Kodi madzi amadikha m'munda mvula ikagwa? Kodi chimanga chimafota msanga mvula ikadula? Kodi mapesi amaotchedwa kapena amasiyidwa m'munda?

Mayankho akaloza ku nthaka yotsekeka, banjalo lilumikizidwe ndi mlimi wotsogolera kapena mlangizi wa zaulimi wa m'deralo, ndipo nkhaniyo ikafike ku komiti ya zaumoyo ndi ya chitukuko ya m'mudzi. Magulu a amayi amene amaphunzira kuphika phala la kasakaniza akhoza kupatula tsiku limodzi la m'dzinja kukakumba kadzenje m'munda wa mmodzi wa iwo, kuti aliyense aone yekha pamene mizu ikulekezera. Mayina a mabanja amene apezeka ndi vutoli alembedwe mvula isanathe, kuti pofika mu Meyi, nthawi yokumba itakwana, mudzi ukhale ukudziwa minda yoyambira.